BOKOSI LA KALATA LIMENE LIRI M'FONI

Mau awa anakambidwa kwa anthu a ku Mpingwe, pafupi ndi Limbe, ndipo asindikizidwa muno kuti ndi anthu a kumidzi omwe, amene ana ao ndi abale ao ali m'tauni, amve nao.



Akulu-akulu amene ali pano akumbukira bwino masiku aja kalata inali chinthu chachikulu pamudzi. Mwamuna akapita ku Joni ndi Wenela, mkazi wache ankadikira miyezi kuti amve za moyo wache. Kalata inkafika pa keyala ya mishoni kapena ya sukulu, ndipo mphunzitsi ndiye ankakaitenga, nthawi zina naiwerengeranso mwini wache pakhonde, anthu onse alikumva. Amene anali ndi ndarama ankalipira bokosi lao-lao ku positi ofesi ya ku Limbe, napatsidwa mfungulo. Munthu wotere sankasewera nayo mfungulo ija. Ankaimanga pa chingwe, ndipo sankaibwereketsa ngakhale kwa mlamu wache.

Lero pafupi-fupi munthu ali yense amene ali ndi foni ya Android ali nalo bokosi lotere, ndiponso salipira kanthu. Dzina lache ndi imelo. Koma chodabwitsa ndi ichi, kuti ambiri sadziwa kuti ali nalo, ndipo mwa amene adziwa, ambiri mfungulo yache alibe.

Imelo si chinthu chatsopano iai. M'chaka cha 1971 munthu wina wa ku America, Ray Tomlinson, ndiye anayamba kuika chizindikiro cha @ pakati pa dzina la munthu ndi dzina la makina osunga kalata zache. Mabokosi aulere a pa intaneti anatchuka ndi Hotmail m'chaka cha 1996, imene kampani ya Microsoft inagula mu 1997, ndipo tsopano itchedwa Outlook. Yahoo Mail inayamba mu 1997. Gmail, imene anthu ambiri a kuno ali nayo, inayamba pa 1 April 2004, ndipo malo amene inapatsa munthu mmodzi anali ambiri kotero kuti ena anayesa nthabwala chabe, pakuti tsikulo Azungu amanamizana mwamasewera. Makampani amenewa sapereka mabokosi chifukwa cha chifundo. Amapeza ndarama ndi malonda amene amalengeza kwa anthu, ndiponso pogulitsa malo kwa amene bokosi lao ladzaza. Tsono popeza iwo amapindula, nkwabwino kuti ndi mwini bokosi yemwe apindule.

MFUNGULO IRI NDI YANI?

Nkhani yonga iyi imamveka kawiri-kawiri. Mnyamata wina anachoka kwao ku Chiradzulu atalemba mayeso a MSCE, nadzakhala ndi amalume ache kuno ku Mpingwe. Anagwira maganyu kufikira anagula foni mu Limbe. Wogulitsa uja anamtsegulira bokosi la Gmail pomwepo, pakuti popanda ilo munthu sangatenge WhatsApp ku Play Store. Anasankha yekha dzina, nasankhanso yekha mau achinsinsi, amene ena amati pasiwedi. Mnyamata uja sanafunse kanthu. Mtima wache unali pa foni yatsopano basi.

Patapita miyezi anaona nchito ina italengezedwa, natumiza kalata yofunsira nchitoyo pa imelo. Sabata yomweyo foni inabedwa m'minibasi. Anabwereka foni ya mnzache kuti aone ngati amyankha, koma bokosi linafuna mau achinsinsi. Anabwerera kumene anagula foni, napeza kuti wogulitsa uja anasamuka, ndipo ngakhale akadampeza, munthu wotsegula mabokosi ambiri pa sabata sakadakumbukira. Amalume ache anamfunsa kuti, “Kodi iwe, nyumba ungagonemo miyezi isanu osadziwa kumene kuli kiyi?” Iye anangoti, “Malume, ndinkayesa kuti foniyo ndiyo kiyi.” Kaya anamuitana ku nchito kuja kaya sanamuitane, palibe amene adziwa, pakuti yankho liri m'bokosi lotseka. Pamodzi ndi yankholo munatsala manambala onse a abale ache.

Wogulitsa foni uja sanali mbala. Anangochita zimene anthu amampempha tsiku ndi tsiku. Cholakwa chinali kusafunsa, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Chifukwa chache chinthu choyamba ndi ichi. Munthu amene foni yache ikali m'manja mwache, ndipo bokosi likali lotseguka, akonze zinthu lero lomwe, pakuti ino ndiyo nthawi yosabvuta. Atsegule Gmail, akhudze kachithunzi kapena chilembo chimene chiri pamwamba ku dzanja lamanja, ndipo adzaona keyala yache yonse. Ailembe m'buku. Pamenepo alowe pamene alemba Manage your Google Account, napite pa Security. Ngati mau achinsinsi sawadziwa, auze makinawo kuti waiwala, ndipo kawiri-kawiri amamlola kuika ena atsopano chifukwa aona kuti foni ndi yomweyo. Amene sadziwa Chingerezi apemphe mwana wache kapena mphunzitsi kuti amthandize, koma pofika polemba mau achinsinsi, wothandizayo ayang'ane kumbali.

Mau achinsinsi ayenera kukhala ndi zilembo zosachepera 8, koma atali ndiwo abwino. Dzina la mwana, chaka chobadwa, kapena dzina la timu ya mpira, zonsezi mbala imayamba kuyesa. Nkwabwino kulumikiza mau atatu kapena anai osagwirizana, amene mwini yekha angakumbuke, nasakaniza ndi manambala. Ena amanena kuti mau otere asalembedwe pali ponse. Kwa munthu wa kumudzi uphungu umenewu suthandiza kweni-kweni. Kuiwala ndiko kumatayitsa mabokosi ambiri koposa mbala. Awalembe ndithu, koma pepalalo likhale m'sutikesi pamodzi ndi makalata a munda ndi chiphaso cha ukwati, osati kuseri kwa foni. Ndiponso mau a bokosi ili asakhale omwewo a Facebook kapena a malo ena. M'chaka cha 2017 kampani ya Yahoo inabvomera kuti mbala zimene zinalowa m'makina ache mu 2013 zinakhudza maakaunti onse, okwana mabiliyoni 3. Munthu amene anali ndi mfungulo imodzi ya zitseko zonse anali pa ngozi pali ponse.

Pamalo pomwepo pa Security pali pofunika kulemba nambala ya foni yopulumutsira bokosi. Nambala imeneyi ikhale ya mwini wache, yolembetsedwa ndi chiphaso chache cha unzika. Chiyambire 2018 manambala a TNM ndi Airtel amalembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo ichi chithandiza pano. Foni ikabedwa, mwini apite ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chache, ampatsa simu ina ya nambala yomweyo, ndipo ndi nambalayo angatsegulenso bokosi. Koma amene simu yache inalembetsedwa m'dzina la mnansi kapena la wogulitsa mayunitsi adzabvutika. Asaiwalenso kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira nchito imatsekedwa, ndipo pambuyo pache ingapatsidwe kwa munthu wina. Wosintha nambala asinthenso m'bokosimo tsiku lomwelo.

Pali loko wachiwiri wotchedwa 2-Step Verification. Akaikidwa, ngakhale munthu wodziwa mau achinsinsi sangalowe kufikira mwini abvomereze pa foni yache. Ndi loko wabwino, koma amatsekeranso mwini kunja ngati foni yatayika. Chifukwa cha ichi Google imapereka manambala 10 osungira, otchedwa backup codes, ndipo iri yonse imatsegula kamodzi kokha. Woika loko ameneyu akopere manambalawo m'buku lija asanachite china chiri chonse.

NKHOKWE IMODZI, MABANJA ATATU

Kuyambira 2013 malo aulere a Google akhala 15 GB, koma malowa ali ngati nkhokwe imodzi imene mabanja atatu amathiramo chimanga. Banja loyamba ndi kalata za Gmail, lachiwiri ndi Google Drive mosungira mapepala, lachitatu ndi Google Photos mosungira zithunzi. Kale zithunzi zambiri sizinkawerengedwa, koma kuyambira pa 1 June 2021 zonse zatsopano zimadya malo. Mu 2024 ndi zosunga za WhatsApp zomwe za mafoni a Android zinayamba kuwerengedwa m'nkhokwe yomweyo. Kalata za mau okha sizingadzaze nkhokwe ngakhale munthu alembe moyo wache wonse. Odzaza ndi mavidiyo a ukwati, a kwaya ndi a nthabwala amene anthu amatumizirana m'magulu. Nkhokwe ikadzaza, kalata sizituluka ndiponso sizilowa, zimabwerera kwa amene anatumiza, ndipo mwini amangoti anthu amuiwala.

Mankhwala ache ndi osabvuta. Mu WhatsApp munthu asankhe kuti mavidiyo asasungidwe nao. Mu Gmail, pamalo pofufuzira, akalemba larger:10M zimaoneka kalata zolemera zokha-zokha, ndipo angachotse zosafunika. Koma zochotsedwa zimayamba zakhala mu Trash masiku 30, zikudyabe malo, tsono wofuna malo msanga akhuthule ndi mu Trash momwe. Za bandulo, kalata ya mau okha imadya pang'ono kwambiri. Zithunzi ndizo ziyenera kudikira kufikira munthu apeze Wi-Fi kapena bandulo yotsika mtengo.

Tsono m'nkhokwemo muyenera kulowa chiani? Anthu a mu Blantyre sadzaiwala mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakokolola nyumba ku Chilobwe ndi malo ena. Anthu ambiri anafa. Mwa amene anapulumuka, ambiri anatuluka ndi zobvala za m'thupi zokha, ndipo pamodzi ndi katundu panapita masatifiketi a sukulu, ziphaso, mabuku a ku chipatala ndi makalata a malo. Kumudzi moto, chiswe ndi denga lodontha zimachita zomwezo chaka ndi chaka popanda kulembedwa m'nyuzi. Munthu amene anajambula mapepala ache nawasunga m'bokosi la imelo angawaone pa foni iri yonse, ngakhale yobwereka. Chithunzi sichilowa m'malo mwa satifiketi yeni-yeni iai, ndipo ofesi idzafunabe pepala loyenera. Koma wopita ku MANEB kapena ku ofesi ya ziphaso ali ndi nambala ya satifiketi ndi chaka chache ayamba ulendo ali patsogolo pa mnzache amene angoti zinapita ndi madzi.

Mu Google Drive ya pa foni muli pojambulira mapepala, polembedwa Scan, ndipo pepala limatuluka loongoka bwino ngati la pa fotokope. Kapena munthu angojambula chithunzi nadzitumizira yekha kalata, nalemba mutu womveka, monga “Satifiketi ya MSCE” kapena “Lisiti la fetereza 2024”, kuti tsiku lofuna adzangolemba mau amodzi pofufuzira. Mlimi wa fodya amene amagulitsa ku okushoni ya ku Limbe achite chimodzi-modzi ndi mapepala a malonda ache. Manambala a foni nao asungidwe ku akaunti ya Google, osati pa simu kapena m'foni mokha. Akatero, foni yatsopano ikangolowetsedwa m'bokosi lomwelo, maina onse amabwerera okha. Akauntiyo ithandizanso kuona pa mapu kumene kuli foni yotayika, kapena kufafaniza za m'kati mwache, ngati foniyo iri yoyaka ndipo iri pa intaneti. Koma kulondola mbala ndi nchito ya apolisi, si ya mwini foni.

Wogula foni yakale pa msika aonetsetse kuti mwini woyamba wachotsamo akaunti yache iye ali pomwepo. Foni ya Android ikafafanizidwa mokakamiza akauntiyo isanachotsedwe, imafuna mau achinsinsi a mwini woyamba, ndipo wogulayo amatsala ndi galasi chabe.

KALATA YOPITA KU OFESI

Masiku ano keyala ya imelo imafunsidwa pofunsira nchito, pofunsira malo ku sukulu za ukachenjede, ndi pa Msonkho Online ya bungwe la MRA. Keyalayo ndiyo nkhope yoyamba imene kalaliki amaona. Dzina lamasewera limene mnyamata anasankha ali ku sekondale limchititsa manyazi pamaso pa bwana, tsono wofuna nchito akhale ndi keyala ya dzina lache leni-leni. Mu Gmail timadontho ta m'kati mwa dzina tiribe kanthu, kalata imafika ngakhale wolemba aiwale kadontho. Koma chilembo chimodzi chikalakwika, kalata ingapite kwa mlendo.

Pa mzere wa mutu palembedwe nchito imene munthu alikufunsira. Kalata yopanda mutu, yopanda moni, yongomata pepala, iri ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni osanena odi. Mapepala onse omata pa kalata imodzi asapitirire 25 MB, ndipo nkwabwino akhale a PDF, ali ndi maina omveka. Amene walakwitsa angabweze kalata akakhudza Undo msanga, koma nthawi yache ndi masekondi owerengeka chabe. Pa kompyuta angaitalikitse kufika masekondi 30. Kuyambira 2019 palinso Schedule send, imene ilola munthu kulemba usiku pamene netiweki iri bwino, kalata nkudzanyamuka yokha m'mawa nthawi ya ofesi. Ndipo wodikira yankho aziyang'ananso mu Spam kamodzi pa sabata, pakuti makina nthawi zina amaponya kalata yabwino kudzala, ndipo za kumeneko zimafafanizika pakapita masiku 30.

Kalata ikabwera m'Chingerezi chobvuta, Google Translate iri ndi Chichewa chiyambire 2014. Ithandiza kumva mutu wa nkhani, koma Chichewa chache nthawi zina chimaseketsa, tsono pa nkhani ya ndarama kapena ya malo munthu afunsenso wodziwa.

Makalabu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi makomiti a sukulu akhale ndi bokosi la gulu, osati la mlembi. Mlembi amasamuka, amakwatiwa kutali, kapena amakangana ndi anzache, napita ndi makalata onse a gulu. Mau achinsinsi adziwe anthu awiri a komiti, ndipo asinthidwe pamene maudindo asintha. Polembera anthu ambiri osadziwana, makeyala ao aikidwe pa mzere wa Bcc kuti wina asaone keyala ya mnzache.

Akathyali nao amalemba kalata. Ina imati munthu wapambana mphoto pa mpikisano umene sanalowe. Ina imati nchito yapezeka ku Joni kapena ku maiko a Aluya, koma ayambe watumiza ndarama ya fomu pa Mpamba kapena Airtel Money. Ina imabvala dzina la banki kapena la Google, niti bokosi litsekedwa lero ngati mwini salemba mau achinsinsi pamalo pamene aonetsa. Zonsezi zifanana pa chinthu chimodzi, zimafulumiza munthu kuti asapeze nthawi yofunsa. Google siifunsa mau achinsinsi m'kalata kapena pa foni. Nambala imene imabwera pa uthenga wa foni potsegula bokosi ndi ya mwini yekha, ndipo woipempha, ngakhale alankhule mwaulemu wotani, alikupempha mfungulo. Lamulo la dziko lino la 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, liletsa kulowa m'makina kapena m'zosunga za munthu wina popanda chilolezo, ndipo woberedwa akanene ku polisi. Amene watsegula bokosi lache pa kompyuta ya m'sitolo yosindikizira mapepala atuluke pa Sign out asananyamuke pampando.

Chatsala ndi bokosi logona. Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa ingathe kufafanizidwa pamodzi ndi zonse ziri m'kati, kuyambira December chaka chomwecho. Ichi chikhudza makamaka anthu a kumudzi amene foni ikaonongeka amakhala nthawi yaitali asanagule ina. Munthu wotere akapita ku boma kapena ku tauni abwereke foni, alowe m'bokosi lache, awerenge kalata imodzi, natuluke. Kutero kukwanira.

Ndiponso munthu amafa, ndipo amasiye amabvutika kufuna mapepala amene bambo anasunga m'bokosi losatseguka. Pa akaunti ya Google pali malo otchedwa Inactive Account Manager. Pamenepo mwini amasankha nthawi, miyezi 3, 6, 12 kapena 18, ndi anthu amene awakhulupirira, osapitirira 10. Bokosi likakhala chete nthawi yonseyo, Google imayamba yachenjeza mwini pa foni yache, ndipo akapanda kuyankha imadziwitsa anthu aja, niwalola kutenga zokhazo zimene iye anasankha. Wosankhidwayo ayenera kukhala ndi keyala ya imelo yache-yache, ndipo nkwabwino auzidwe mwini akali moyo, kuti kalatayo ikadzafika asadzaiyese ya akathyali.